Feteleza pa Malata a Eneless

Fakitale itatsekedwa, ba Whyson anatuluka pageti ndi malata khumi ndi awiri, malipiro a zaka zonse zija. Anawasungira Eneless, mwana wawo wofedwa mwamuna, amene ankagona ndi ana atatu m'kachipinda kodontha kuseri kwa nyumba ku Kanyama.

Malatawo anawaimika chilili pa njerwa, nawapaka oilo wakuda wa ku galaja, poti chitsulo chikangolawa madzi ndi mpweya, dzimbiri layamba kale kudya. Kenaka maliro anawaitanira ku Petauke, mvula n'kuwatsekera komweko miyezi iwiri.

Pobwera anapeza malata aja atagonekedwa pansi pamatope. Pamwamba pake panali matumba a feteleza a Josiah, mwana wa mlongo wawo, munthu wandevu zake amene ankagulitsa pamsika. Ba Whyson ananyamula lata loyamba, chala n'kubowola.

"Josiah! Bwela kuno, iwe!"

"Amalume, manzi yanangena mu nyumba. Nenze kupulumusa katundu."

"Katundu wako! Feteleza ni mchele, chipuba iwe. Mchele na manzi pa nsimbi, wenze kuganiza pazamela chani? Milisi?"

"Tizapenta chabe, amalume. Sivizaoneka."

"Kupenta pamwamba pa dzimbiri? Ndiye mwamene munaonongela dziko imwe, kuvalika suti chinthu chowola!"

Anamuponyera bulashi yawaya. Tsiku lonse Josiah anapala atagwada, ba Whyson ali chilili pambali, kuloza ndi ndodo paliponse potsala kofiira. Lata likawala ankaliumitsa padzuwa, n'kulipaka penti wofiira woyamba uja, amene anyamata a masiku ano amamudumpha kuti ntchito ithe msanga.

Anapulumuka malata asanu okha. Enawo anali ngati sefa, ukawakweza kumwamba umaona mitambo. Asanu sakanafolera ngakhale theka la chipinda, ndipo cha ku Chibolya kumwamba kunali kutada kale bii ndi mvula. Eneless anangotola mabeseni ake, nayamba kuwayala m'malo modonthera.

Ba Whyson anatenga hamala ndi makwerero. Anadula njira ya m'matope mpaka pamsika, nakwera pa kantemba ka Josiah, kofolera ndi malata atsopano onyezimira. Amayi a tomato anasiya malonda.

"Amalume, selukani! Mvula ibwela iyo!"

"Naiona," anatero mkuluyo, nazula msomali wachiwiri. "Gwila uku, ungapinde lata ya msuweni wako."