Juzi ya Pansi pa Pilo

Filimu itafika pakati, ndinakumbukira chitseko cha kubafa. Ndinachikoka, inde, koma loko wake ndi wachinyengo: ukapanda kukankha ndi bondo amangonamizira kuti wagwira. Ine sindinakankhe. Mkatimo tinatsekeramo tiagalu titatu tamano ngati singano, timene amuna anga anabwera nato m'katoni mayi wa tiagaluto atagundidwa ndi galimoto.

Ndinakwatiwa m'nyumbamo chaka chatha, ndipo ndinapezamo ana awiri. Wamng'ono, mnyamata, ndinamugula ndi maswiti tsiku loyamba lomwe. Koma mtsikana, wa zaka khumi ndi chimodzi, anali asananditchulepo amayi kapena anti. Akafuna mchere ankangoti "inu". Pansi pa pilo wake ankasungapo juzi yobiriwira ya malemu mayi ake, imene ngakhale bambo ake sankaigwira. Chipinda chakecho chinayang'anizana ndi bafa, ndipo potuluka ndinachiona chili chotsegula.

Ulendo wa kukanemawu ndinaupempha ndine, kuti mwina masana amodzi tioneke ngati banja. Tsopano m'maso mwanga munangodzaza ulusi wobiriwira uli mbwee pansi. Ndinachita mantha zedi, chifukwa mwana uyu akanandida mpaka kalekale.

"Tiyeni tizipita," ndinawanong'oneza amuna anga. "Sindinatseke bwino kubafa."

"Mtima m'malo, mayi. Tamuonani mwanayo."

Ndinacheuka. Mtsikanayo ankaseka mpaka misozi, phewa lake litagunda langa, iye osadziwa n'komwe. Ndikanamudzutsa bwanji? Ndinakhala phee mpaka magetsi atayaka, koma mukandifunsa kuti filimuyo inatha bwanji, funsani wina.

Kunyumba ndinatsika galimoto isanaime bwinobwino. Nditatsegula, ndinapeza kuti alendo athu agwira ntchito osapuma. Pepala la kuchimbudzi linayalidwa kuyambira kubafa mpaka pabalaza, tsache linametedwa mpala, ndipo pakati pa khonde panali kadziwe. Nsapato zanga za paukwati zinali pomwepo, ina yopanda chidendene. Ndinazilumpha ngati za munthu wina n'kulowa m'chipinda cha mtsikanayo. Ndinatukula pilo. Panalibe kanthu.

"Mukufuna chiyani?"

Mtsikanayo anali ataima pakhomo, nkhope itauma.

"Juzi ya amayi ako," ndinatero. "Chitseko cha kubafa sindinachitseke bwino. Ngati tiagalu tija taiwononga, wolakwa ndine."

Anatembenuka n'kulunjika kubafa. Ndinamutsatira. M'katoni muja tiagalu tonse titatu tinali m'tulo, timimba tili m'mwamba ngati sitinapalamule chilichonse. Pansi pa tiagaluto panayalidwa juzi yobiriwira, yathunthu, mkono umodzi wokha utanyowa ndi malovu.

"Ndinatiyalira ndekha tisanapite," anatero. "Timalira kwambiri tikatsala tokha. Tilibe mayi."

Ndinangokhala pamphepete pa bafa. Mtima umene ndinauyendetsa m'manja kuchokera kukanema unabwerera m'malo mwake. Ndinkafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Mtsikanayo anagwada n'kusisita kagalu kamodzi kukhutu.

"Kungoti fungo la amayi linatha kale," anatero osandiyang'ana. "Mwina n'chifukwa chake tinatulukabe. Mungatibwereke yanuyo?"

Ndinavula juzi yanga yofiira pomwepo, mabatani osamasula n'komwe. Iye ananyamula tiagaluto kamodzikamodzi, n'kuyala yangayo, n'kutigonekanso. Kamodzi kanayasamula, kanaluma kolala, n'kupitiriza tulo.

Amuna anga anasuzumira pakhomo atanyamula nsapato ija ndi zala ziwiri, mnyamata ali pambuyo pawo kufa nazo kuseka.

"Mayi, mwaziona nsapato zanu?"

"Ndaziona. Zinkandithina kale."

Atachoka, mtsikanayo anapinda juzi yobiriwira ija bwinobwino, mikono mkati, mmene ankachitira m'mawa uliwonse. Ndinamupatsa njira poganiza kuti akukaibweza pansi pa pilo. Koma iye anaima patsogolo panga n'kuiika pamiyendo panga.

"Mundichapire," anatero. "Koma pamanja, ndi madzi ozizira. Imafupika."