Mabanzi Awiri a Kamtedza

Galuyo anali wa malemu Abson Sakala, woyendetsa basi wa ku Kabwata, ndiye musadabwe kuti mkazi wake Virginia ankamusunga ngati mwana. Dzina lake anali Kamtedza. M'chaka cha 1981 anatuluka chotupa pamimba, chachikulu ngati lalanje, Virginia n'kupita naye ku kachipatala ka ziweto ku Woodlands.

Kumeneko kunali a Kampamba, bambo wa imvi amene ankapima nyama dokotala asanazigoneke ndi mankhwala. Munthu wosathamanga, wosaseka.

"Mubwele naye pa Chinayi," anatero. "Kuyambila pa Chitatu madzulo asadye kanthu. Olo kanyenyeswa, amai. Galu akagona na mankhwala amasanza, vakudya vimangena mumapapo."

Asadye kanthu! Mawu amenewa Virginia sanali kuwamva koyamba. Zaka ziwiri m'mbuyomo anamwino anamuuza zomwezo za mwamuna wake, tsiku la opaleshoni. Abson anapempha tiyi, milomo itauma gwaa, anapempha mpaka misozi, iye n'kumumana chifukwa chomvera lamulo. Anamulowetsa, ndipo sanadzukenso. Kwawo ku Katete munthu wapaulendo sachoka pakhomo ndi njala, ngakhale akhale mdani. Koma iye mwamuna wake anamuperekeza m'mimba muli pululu. Azilamu ake anazinena pamaliro, iye osatsutsa.

Lachinayi m'mawa Kamtedza anakhala pakhonde, pamene Abson ankakhala pomanga nsapato. Sanauwe, sanalire. Ankangomuyang'ana, n'kumanyambita milomo. Virginia anasesa pabwalo, anatsuka mbale zotsuka kale, anayimba ndi nyimbo ya kutchalitchi, koma kaphokoso ka lilime louma kaja kankamutsata paliponse. Ankakadziwa kaphokoso kameneko, ndipo anachita mantha.

Mtima wa munthu, abale inu! M'kabati munali mabanzi awiri amene anawaimira pamzere dzulo lake dzuwa lonse. Anawanyika mu tiyi, n'kugwada. Galu anangoti kwapu, mbale mbee.

Ku Woodlands a Kampamba anagwira ntchito yawo mwadongosolo. Anamuika Kamtedza m'thumba n'kumukoleka pasikelo, n'kulemba kulemera kwake. Anamutukula milomo, n'kutsindika nkhama ndi chala kuti aone ngati magazi akubwerera msanga. Anamvetsera mtima nthawi yaitali, maso atatsinzina.

"Wadya?"

"Iyayi, ba Kampamba."

Anamupima kutentha kwa thupi, anamuyang'ana m'maso. Akumusisita m'nthiti anati, "Muli na mwayi. Mankhwala yogoneka yatsala botolo imodzi. Ikasila iyi, kaya yazabwela liti. Ndipo ichi chotupa sichingayembekeze." Anafinya mimba pang'onopang'ono, koma chotupa chija chinatchinga zala zawo, galu n'kubuula, iwo n'kuleka.

"Simunamupatse chilichonse?"

Apa Virginia akanatha kunena. Mawu anafika pakhosi ndithu. Koma akanena amubweza, botolo lipita kwa galu wina, Kamtedza akaolera kunyumba. Ndiponso timabanzi tiwiri, n'chakudya chimenecho? Anapukusa mutu.

A Kampamba anameta ubweya pamwendo wakutsogolo, n'kupukuta ndi thonje. Dokotala anasuzumira pakhomo, manja atasamba kale. A Kampamba ananyamula galu, koma atafika pachitseko anatembenuka.

"Amai, nifunsa chabe. Ena amachita manyazi. Kulibe mulandu."

"Sanadye," anatero Virginia, maso ali pansi.

Chitseko chinatsekedwa. Anakhala pabenchi, chitenje atachifumbata m'manja. Benchi yolimba, fungo la mankhwala, khoma loyera: zonse ankazidziwa. Mkatimo munali zii. Kenaka anamva chitsulo chikugwa, dokotala akukalipa, mapazi akuthamanga.

Anadzambatuka n'kumenya chitseko ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Wadya! Ba Kampamba, wadya! Mabanzi awiri!"

Anamenyabe mpaka manja anachita dzanzi, kenaka anakhala pansi pomwepo, pasimenti.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. A Kampamba anatuluka okha, malaya awo oyera atathimbirira pachifuwa, m'manja muli tcheni cha galu. Sanakalipe. Bola akanakalipa! Anangoima, nkhope itagwa, ngati olakwa ndi iwo.

"Ninakufunsani katatu, amai."

"Munandifunsa," anatero Virginia.

Anatambasula manja onse awiri, mwaulemu, n'kulandira tchenicho.