Chala cha Mkamwini

Ndinanena ine kuti kamphaka kameneko kasatuluke m'nyumba ya abwana. Ndinanenera kuseri kwa chitseko, monga achitira mpongozi, ndipo mawu anga anadzera mwa mwana wanga Elube asanafike kwa mwamuna wake. Mawu odzera mwa Elube amafika atazizira.

"Amayi akuti musamale ndi mphakayo," anatero.

"Amayi anati tisamale ndi ketulo, tisamale ndi geti, tisamale ndi mawaya a pampanda," anayankha mkamwini wanga, a Zikhale, uku akuseka. "Auzeni kuti ndamva."

Nzoona, ndimachenjeza zambiri. Tauni ino ili ndi mano paliponse. Ndinabwera ku Area 43 kudzalera mdzukulu wanga Maness, poti Elube amaswera m'khitchini mwa adona a Chandrika, ndipo a Zikhale amasamalira maluwa ndi kapinga. Tinkakhala kuboyizikota, zipinda ziwiri. Kwathu ku Mitundu mkamwini ndi mpongozi sayang'anana m'maso, sakumana panjira. Munonso tinkayesetsa. Iwo akalowa, ine kuchipinda. Ine ndikamatsuka mbale pampopi, iwo ankazungulirira kugaraja.

Kamphakako adona anabweretsera mwana wawo Janvi. Kanali kotuwa, kokwana m'manja awiri. Kanali ndi mbale zakezake, ya madzi ndi ya chakudya, ndiponso beseni la mchenga lodzithandiziramo. Mkaka wa ng'ombe ankakaniza, ati umatsegula m'mimba. Anakamwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, ankakapesa utitiri ngati mwana wa munthu. Ine mphaka sindimufuna, maso ake aja. Koma Elube atafotokoza zimene ananena dokotala wa ziweto ndinatchera khutu: kasaponde panja mpaka kabayidwe katemera wa chiwewe, ndipo msinkhu wobayira unali usanakwane. 

Kenaka abwana ndi banja lonse anapita ku ukwati ku Limbe, makiyi nkusiyira Elube. Nthawi yomweyo makoswe anali atalowa m'matumba athu a chimanga, amene tinkasunga m'kanyumba ka makasu, pafupi ndi pamene ngalande imaboola mpanda. Pabowo pamenepo ndinali nditaonapo chimphaka cha m'tchire, chowonda, chikudzandira dzuwa lili paliwombo, dovu lili chuchuchu. Ndinamuuza Elube. Elube anauza mwamuna wake kuti amayi aona mphaka.

"Mphaka wodya za m'chitini, makoswe akutha chimanga?" anatero a Zikhale. "Kaphunzire ntchito ya makolo ake."

Anakatsekera m'kanyumbako madzulo. M'mawa anakapeza katadzipanikiza kuseri kwa wilibala, kakunjenjemera, pakhosi pali bala la mano. Anakatsuka ndi madzi a mchere, nkukabweza m'nyumba. Ubweya unaphimba balalo abwana asanabwere.

"Amayi, mukangotsegula pakamwa, tituluka muno," anandinong'oneza Elube. "Maness akagona kuti?"

Masabata anapita, kamphaka kakudya bwino, kakunenepa, ubweya uli neng'aneng'a. Ine Maness sindinamulole ngakhale kuyandikira khonde la abwana. Ankalira, ndinkamumanga kumsana ngakhale anali atakula kale.

Tsiku la katemera lisanafike, kanasiya kudya. Kanakabisala kuseri kwa firiji, kakulira ndi mawu osakhala ake, okhuthala, ngati a mphaka wamkulu. Adona anali kusitolo kwawo ku Old Town. Elube anaitana mwamuna wake kuti adzakatulutse, iwo nkupisa dzanja. Kanaluma chala chachikulu osasiya. Anachita kukakutumula kuti kagwe.

Kanafera kwa dokotala wa ziweto. Adona anabwerako nkhope itagwa, natiitana tonse pakhonde, ngakhale ine amene sindinali wantchito wawo. Chichewa chawo ndi cha m'sitolo, koma tsiku limenelo chinamveka bwino.

"Dokotala akuti chiwewe. Akuti mphaka wa m'nyumba satenga yekha. Anatulutsa ndani?"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Chabwino. Analuma ndani? Anakanda ndani? Galimoto iyo, tipite kuchipatala pompano."

Janvi anapita. Elube anapita, poti kanamukandapo pamkono. A Zikhale dzanja linali m'thumba la ovolosi.

"Ine m'nyumba sindilowa, dona. Sindinakagwirepo."

Galimoto itatuluka, ndinachita chimene amayi anga akanandimenyera. Ndinapeza a Zikhale pampopi akutsuka fosholo, ndinaima patsogolo pawo penipeni, nkuwagwira dzanjalo. Anadzidzimuka, nayang'ana kumbali, kumtengo wa mapeyala.

"Bambo a Maness, ndikulankhula ndekha lero, wopanda Elube. Pitani mukabayitse."

"Amayi, ndi kabala kakang'ono."

"Nthenda imeneyi siyang'ana kukula kwa bala."

"Ndikangoti ndinakagwira, mafunso ayamba. Funso limabala linzake. Mawa tili pamsewu ndi mitolo."

"Pitani kwina, adona asadziwe. Pamsewu anthu amabwerako, kumanda sabwerako."

Mlonda wa masana, a Harold, anali ataima pageti akuonerera.

"A Zikhale, wakulumani mkango uti?" anafuula. "Mpaka apongozi kukugwirani dzanja masanasana? Mvula igwa lero. Ine agalu andiluma ku Kauma konse, ndili pano."

A Zikhale anaseka nawo. Anati apita Loweruka.

Loweruka anavala malaya abwino nkukwera minibasi. Anabwera madzulo ndi kadiresi kachikasu ka Maness, ka pakaunjika wa kumsika wa Tsoka, ndi chinangwa chootcha.

"Mwabayitsa?" anafunsa Elube.

"Zatheka zimenezo."

Elube anakhulupirira chifukwa ankafuna kukhulupirira. Koma iye ankapita kuchipatala mobwerezabwereza mpaka majakisoni ake anatha, pamene mwamuna wake sanabwererekonso. Ndinafunsa kuseri kwa chitseko. Ndinafunsanso. Mpaka Elube anandikalipira kuti ndikufuna kuwalodza ndi pakamwa. Bala linapola, osasiya ngakhale chipsera chooneka. A Zikhale anabwera nacho chalacho pazenera, nachiimika kuti ndichione.

"Amayi aone okha," anatero.

Ndinkawayang'anitsitsabe. Akamadya, akamatchetcha kapinga, akamanyamula Maness. Munthu aliyense m'nyumbamo anaiwala, kupatula ine.

Mvula yoyamba itagwa, ndinawaona akukanda chala chija pa thalauza. Tsiku lotsatira ankachiluma ndi mano, akuti mukuyenda nyerere mkati. Kenaka thupi linatentha. Elube anati ndi malungo, nawagulira mapiritsi. Ine ndinatenga Maness nkukamusiya kwa mkazi wa a Harold.

M'mawa mwake anakhala pakhomo la boyizikota, maso ali psuu, akuti kamphepo kakuwapweteka, titseke zitseko, chonsecho ali panja. Elube anabweretsa madzi m'kapu kuti amwere mapiritsi. Anailandira bwinobwino. Itafika pafupi ndi mlomo, khosi linakokeka, mutu unabwerera m'mbuyo, kapu nkugwa. Anayesanso ndi ya chiwiri. Ludzu anali nalo, ndinaliona.

Elube anathamangira kwa adona, nanena zonse, za kanyumba ka makasu ndi za chala. Adona sanakalipe. Anangotenga makiyi a galimoto, nati tiwagoneke kumbuyo.

Kuchipatala dokotala anafunsa kuti analumidwa liti. Elube atayankha, anafunsanso ngati anabayitsa ngakhale kamodzi. A Zikhale anapukusa mutu okha. Dokotala uja anatitulutsa panja, natiuza kuti titumize uthenga kwa abale awo ku Dowa, abwere msanga.

Amalume awo anafika a Zikhale atamwalira kale.