Fumbi la Amiri Zafir

"Theka la fumbi lili m'bokosimo ndinalibutsa ndine," anatero Abu Marwan, mkulu wa asilikali a pa akavalo, uku akukonza nduwira yake pakhomo pa mzikiti. "Nkhondo makumi atatu! Ine ndikati ndadutsa, dzuwa linkachita kubisala."

"Ndithu, bwana," anatero Khalaf, atakumbatira bokosilo, maso ali pansi.

Kwa zaka zambiri ntchito ya Khalaf inali kukutumula zovala za Amiri Zafir, wolamulira dzikolo, akabwerako ku nkhondo, n'kusunga fumbilo. Amiriwo ankafuna kudzaikidwa nalo m'manda, likawachitire umboni kwa Mulungu kuti moyo wawo sunathere pa mtsamiro. Koma tsiku lina powoloka mtsinje wa Ebro bokosi linagwera m'madzi, pakuti Khalaf anamanga chingwe mwaulesi. Fumbi la nkhondo khumi ndi zisanu linapita. Iye anadzazamo lina la kuseri kwa khola la abulu, ndipo amiri atafunsa chimene chinanyowetsa bokosi, analoza Tamim, woyendetsa bulu. Tamim anakwapulidwa zikoti makumi awiri n'kuchotsedwa ntchito.

Lero amiri anali gone m'nsanda. Kumanda, kumbuyo kwa khamu, kunaima Tamim, wa imvi, manja ali bii ndi makala amene ankagulitsa.

Shehe atapempha fumbi, Khalaf sanatsegule bokosi. Anaulula zonse.

"Abulu?" anakuwa Abu Marwan. "Ukunena kuti theka langa lija..."

"Mwina lanu ndi theka linalo, bwana," anatero Khalaf.

Shehe anatsokomola, nati Mulungu amadziwa kumene munthu anaponda, alibe nazo ntchito za mabokosi. Anathira fumbi lonselo m'manda.

Atakwirira, Khalaf anavula mkanjo, nabwereka chikoti cha Abu Marwan, n'kuchipereka kwa Tamim anthu onse akuona.

"Makumi awiri, achimwene. Ndi anu."

Tamim anachitembenuzatembenuza m'manja.

"Wadikira mpaka mkono wanga utafota, nkhalamba yochenjera iwe. Mkazi wanga anamwalira akukhulupirira kuti ndinagwetsa bokosilo ndine. Ukamuuza liti ameneyo?"

Khalaf anawerama, namutembenuzira msana.

Tamim anakweza chikoti, namukwapula kamodzi paphewa. Sichinasiye ngakhale mkwingwirima.

"Basi, tathana," anatero. "Vala, ungazizidwe."