Jipi ya Chipatala Iwoloka Chongwe

Clotilda Njobvu anali namwino komanso mzamba pa kachipatala ka mishoni, pafupi ndi msewu waukulu wopita kum'mawa. M'chaka cha 1956 dalaivala wa jipi ya pachipatalapo anapita kumigodi kukafuna ntchito ina, ndipo mbusa wa pamishoni, munthu wokalamba wa maso ofooka, anangopereka kiyi kwa Clotilda kuti aone chochita. Iye anadziphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira mwezi wonse wa Juni, mpaka anthu anasiya kuthawa akamva injini ikulira.

Koma chovuta chenicheni chinali china. Mvula ikangoyamba, jipiyo inkatitimira mpaka pamimba m'matope a m'madambo, mawilo n'kumazungulira pachabe. Pa mtsinje wa Chongwe, pamene ngolo zinkawolokera, inkazima madzi akangofika m'mawondo. Mlatho unalipo pamsewu waukulu, koma kuchoka pamenepo kupita kumidzi ya kumtunda kunalibe njira ya galimoto. Dzinja lapitalo amayi awiri a kutsidyako anamwalira pobereka, Clotilda ataima tsidya lino akuyang'ana madzi.

Mu Ogasiti anapita nayo kwa Bornwell Sakala. Bamboyu kwawo kunali ku Katete. Anali makanika wa asilikali pa nkhondo ya ku Burma, ndipo anabwerako mwendo wamanja utauma, bondo losapinda. Kuyendetsa galimoto sankathanso. Ankakonza njinga, mapulawo ndi malole ofera pamsewu, pansi pa mkuyu kuseri kwa nyumba yake.

"Ba Sakala, nifuna motoka iyi iziwoloka mtsinje mu Febuluwale," anatero Clotilda.

Bornwell sanaseke. Anagona chagada, nadzikokera pansi pa jipi ndi zigongono, ndipo anakhala kumeneko nthawi yaitali akugogoda apa ndi apo. Atatuluka anapukuta manja pa udzu.

"Amai, iyi motoka ilibe matenda. Yalema cabe. Masipiling'i agona, ndiye ikwawa. Tizaiimika. Koma nilibe wonithandiza, muzibwera mukaweruka."

Anaikweza ndi jeke, naikhazika pa zipika zinayi za mtengo wa mubanga. Anamasula masipiling'i onse, zitsulo zazitali zosanjikizana zimene zimanyamula thupi la galimoto, nazifoletsa pansi. Zina zowonjezera anakazichotsa ku lole yakufa imene inali m'tchire chaka chachitatu. Kenaka anatenga khala, najambula mzere wopindika ngati uta palata lakale. Sanayeze ndi chilichonse. Anangoyang'ana jipi, nayang'ana lata, najambula kamodzi kokha.

Ntchito ya Clotilda inali kupopa mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Chitsulo chikafiira ngati matimati akupsa, Bornwell ankachitulutsa ndi mbano, n'kuchigoneka pa chidutswa cha njanji, n'kuyamba kusula. Nyundo yake sinkagwa pamalo amodzi kawiri. Inkayenda kuchokera pakati kupita kumapeto, ndipo chitsulo chimene lole yodzaza chimanga inalephera kuchipinda chinkapindika pang'onopang'ono mpaka kugona ndendende pamzere wa khala uja. Clotilda ankaiwala kupopa chifukwa choonerera.

Tsiku lina Bornwell anakoleka chitsulo china pa chingwe, nachigogoda ndi sipanala, natchera khutu. Anachitaya pambali.

"Nanga ici calakwa ciani? Cioneka bwino kupambana zonse," anafunsa Clotilda.

"Cili na mng'alu mkati."

Clotilda anachitembenuza padzuwa, osaona kanthu. Bornwell anachisanjika pa miyala iwiri, nachimenya kamodzi. Chinathyoka pakati, ndipo pothyokapo panali mzere wakuda wa dzimbiri wolowa mpaka theka. Clotilda, amene ankadziwa kugona kwa mwana m'mimba pongokhudza ndi manja, anatola zidutswa ziwirizo nazilumikiza, nazilekanitsanso.

Zinatenga masabata asanu. Anaikanso matayala okulirapo. Polowera mpweya wa injini analumikizapo paipi ya madzi, naiimika m'mbali mwa galasi mpaka kupitirira denga, kuti injini isamwe madzi. Mawaya a moto anawakulunga ndi chubu cha njinga, nawamata girisi. Tsiku limene anachotsa zipika, jipi inaima pamwamba moti mbuzi inadutsa pansi pake osaweramitsa mutu, ndipo Clotilda anachita kuponda pa chitsa kuti akwere.

"Manje yatalika, musamakhote mothamanga. Ingagudubuke," anachenjeza Bornwell.

M'mawa wina mu Febuluwale 1957, mvula itagwa masiku atatu, pachipatala panafika mwamuna wonyowa thupi lonse. Dzina lake linali Greenwell, mlimi wa kutsidya. Mkazi wake Keziah anali atavutika ndi kubereka kuyambira dzana. Clotilda anaponya chikwama chake m'jipi, nadzera kwa Bornwell. Bamboyo anatenga chitini cha oilo ndi masipanala, nakwera kutsogolo, mwendo wouma uja atautambasula.

Mtsinje anaumva asanauone. Madzi anali ofiira, akukokolola mapesi ndi nthambi. Kutsidya kunali gulu la anthu amene anaperekeza Greenwell m'mawa. Bornwell anatsika, natsegula boneti, nachotsa lamba wa fani kuti isamwazire madzi pa injini, namanga chiguduli kutsogolo kuti chitchinge madzi. Greenwell analowa m'madzi ndi ndodo kuti aonetse pamene pali miyala. Madzi anamufika m'chiuno, ndipo pakati penipeni anafika m'nthiti.

Bornwell anakweranso, ndipo Clotilda analiza injini.

"Giya yaing'ono, mawilo onse anayi," anatero Bornwell mwachifatse. "Phazi la mafuta lisasinthe. Kalachi musakhudze. Madzi musayang'ane, yang'anani mtengo uja wa mpundu. Tiyeni."

Jipi inatsetsereka pagombe, mphuno n'kumira. Madzi analowa m'zitseko, ozizira, nakwera m'akakolo mpaka m'mawondo. Kutsogolo kunadzuka funde lomwe linkayenda nawo limodzi. Phokoso la injini linasintha, linkamveka pansi pa madzi ngati ng'oma yakutali, ndipo Clotilda ankalimva kwambiri m'mapazi kuposa m'makutu. Pafupi ndi khutu lake paipi ija inkakoka mpweya, fiii, osalekeza.

Pakati pa mtsinje madzi anakwera pa boneti. Kumbuyo kunayamba kupepuka, ndipo mtengo wa mpundu unasunthira kumanzere. Phazi la Clotilda linafuna kudzuka lokha.

"Conco cabe, amai. Conco cabe," anatero Bornwell.

Pamenepo tayala limodzi linagwira mwala. Clotilda anamva chiwongolero chikugwedezeka m'manja, kenaka lina linagwira, ndipo chigalimoto chonsecho chinadziwongola, n'kuyamba kukwera. Boneti inatuluka, magetsi anatuluka, madzi akukhuthuka m'mbali zonse. Inakwera gombe la matope mosathamanga, n'kukaima pansi pa mpundu, injini ikulirabe.

Anthu a pagombe sanaululute. Bambo wina wachikulire anavula chipewa. Mayi wina anayandikira, nawerama kusuzumira pansi pa jipi, kenaka anayang'ana Clotilda, mkazi mnzake, atakhala pa chiwongolero diresi yoyera itanyowa mpaka m'chiuno. Zala za Clotilda zinakana kumasuka, moti anachita kuzichotsa chimodzichimodzi.

Kenaka anacheukira kwa Bornwell.

"Yawoloka," anatero bamboyo, mawu ali pansipansi.

"Nanga simunali kudziwa kuti izawoloka?"

"Ninali kuganiza cabe, amai. Ku nkhondo tinali kucita pa malole akuluakulu. Pa kamotoka ngati aka sininayesepo."

Clotilda anafuna kukalipa, koma kunatuluka kuseka, ndipo Greenwell anali akugogoda kale pachitseko kuti apitirire. Bornwell anabwezera lamba wa fani, ndipo onse ananyamuka.

Clotilda anamupeza Keziah atafooka, mwana atagona chopingasa m'mimba. Clotilda anagwira ntchito kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka, ndipo anakwanitsa kumutembenuza. Kunabadwa mwana wamkazi, wamng'ono thupi, amene anachedwa kulira koma analira. Mayiyo anali atataya magazi ambiri, moti ankafunika kupita kuchipatala, koma sakanatha kunyamulidwa tsiku lomwelo. Clotilda ndi Bornwell anagona m'mudzimo.

M'mawa mwake Bornwell anamasula bauti ya pansi pa difu, chibokosi cha magiya cha pakati pa mawilo, ndipo oilo anatuluka woyera ngati mkaka chifukwa cha madzi. Anathira wina, napopera girisi m'mfundo zonse, nayesa mabuleki kangapo mpaka anayamba kugwira. Mtsinje unali utatsika pang'ono.

Keziah anamugoneka kumbuyo pa chitseko cha nyumba chimene anachisanjika pamwamba pa mipando, kuti madzi asamufike. Greenwell anakhala pambali atafukata mwana. Mayiyo anali asanakwerepo galimoto chibadwire. Atafika pamtsinje, jipi itayamba kulowa m'madzi, Clotilda anamva mawu ofooka kumbuyo kwake.

"Ba Greenwell, nidzutseni mutu. Nifuna kuona."

Mwamuna wake anamukweza ndi dzanja limodzi. Keziah anayang'ana madzi akudutsa m'mbali mwa galimoto, pamene ankatungapo ndi kuchapapo kuyambira ali mtsikana, ndipo sanaphethire mpaka anafika tsidya lina.

Anakhala m'chipatala masabata awiri, nabwerera kwawo akuyenda yekha, mwana ali kumbuyo.