Sikelo Inaweruza Mlandu wa Zione

Ndinalota mlandu wanga ndi Piyasoni ukukazengedwa ku chipatala chaching'ono kumene timayezetsa ana. Sindinadabwe nazo. Piyasoni ndi mwamuna amene ndinakhala naye pa banja zaka zisanu ndi zinayi, mpaka tsiku limene ananyamula malaya ake n'kupita kwa mkazi wina wogulitsa m'sitolo ya zitsulo. Zoti banja lithe ndinali nditavomera kale. Ndinalira kokwanira, kenaka ndinasiya. Koma tsopano ankafuna kutenga Zione, mwana wathu wa zaka zisanu, ndipo pamenepo m'pamene ndinati ayi.

Ndinayamba ndapita kwa Mayi Mtambalika, amene amathandiza anthu osauka ngati ine pa za malamulo. Nditatsegula chitseko cha ofesi yawo ndinapeza mtsinje. Iwo anali pa mwala, madzi akulekeza m'maondo, akuchapa mafayilo a anthu. Ena anali atawayanika pa udzu. Yanga anali akuifinya, ndipo madzi ake ankatuluka akuda bii.

"Mayi a Zione," anatero, "mlandu wanu ndi wopepuka mukabweretsa zinthu ziwiri. Kabuku ka kusikelo kadzanena amene analera mwana. Nkhoswe yanu idzanena amene anapasula banja."

"Zonse ndili nazo," ndinayankha.

Ndinanena monyada ndithu. Kusikelo ndinali ndisanaphonyepo ngakhale mwezi umodzi, ndipo nkhoswe yanga inali achimwene anga enieni, a Yotamu, a bere limodzi ndi ine.

Kabukuko ndinkakasunga m'sutikesi. Nditaitsegula ndinapezamo amayi anga, amene tinawaika m'manda zaka zinayi zapitazo. Anali atakhala pamwamba pa zitenje zanga, akusokerera batani pa diresi la Zione. Sanandifunse za moyo. Anasolola kabuku pansi pa ntchafu yawo n'kundipatsa.

"Aka ukagwire wekha," anatero. "Mwana ukamufukate kutsogolo, usakamubereke kumbuyo."

"Amayi, musade nkhawa. Ndikupita ndi achimwene."

"Ndamva. Yotamu ndinamubala ndine."

Atatero anakoka chivindikiro n'kudzitsekera okha.

Ndinaseka. Kani munthu ngakhale amwalire tsankho salisiya! Amayi chiyambire ankawanena achimwene kuti ndi osusuka, kuti amatsata fungo la ndiwo. Koma ine ndinkadziwa a Yotamu ena, amene ankandiwolotsa mtsinje popita kusukulu, amene anavina mpaka kung'amba thalauza pa chinkhoswe changa. Ndinamubereka Zione kumbuyo monga anthu onse amaberekera, ngakhale miyendo yake inkandimenya m'ntchafu, n'kuuyamba ulendo.

A Yotamu ndinawapeza akundidikira pa mphambano.

"Chemwali, kabukuko bweretsani ndikugwirireni. Manja anu ali ndi thukuta, kanganyowe."

Ndinawapatsa. Ndikuwapatsa choncho, nsapato zawo zinandipatsa moni.

"Mwaswera bwanji, mayi a Zione?"

Zinali nsapato zabulauni za Piyasoni, zimene ndinkazipaka polishi Lamlungu lililonse m'mawa. Ndinayankha kuti ndaswera bwino kaya inu, chifukwa sindinaleredwe mopanda mwambo. Ndinafuna kufunsa kuti zafika bwanji ku mapazi amenewo, koma achimwene anali atayamba kale kuyenda, ndipo ine ndinangotsatira pambuyo.

Bwalo linali pa khonde la chipatala. Azimayi anali atadzaza mabenchi monga amachitira tsiku la sikelo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mwana. Ankangogwedeza mikono yopanda kanthu. Woweruza anali sikelo yomwe ija yopachika kudenga, ya nkhope yozungulira ndi muvi umodzi, kabudula wake wabuluu woikamo ana akulendewera pansi pake. Piyasoni anakhala kutsogolo ndi mkazi wake watsopano. Mkaziyo anafukata chikwama cha sukulu chatsopano, chikadali m'pepala lake la kusitolo.

Sikelo inaitanitsa kabuku. A Yotamu anakatsegula. Tsamba lililonse linali ndi chidindo cha chala changa: pena cha mafuta ophikira, pena cha dothi, pena cha sopo. Ananyowetsa chala chawo ndi malovu n'kuyamba kufufuta, tsamba ndi tsamba, mosapupuluma, ngati munthu wosankha mpunga. Kabuku kanadandaula.

"Ine ndimadziwa msana umodzi wokha," kanatero. "Mvula ya mu Febuluwale inatinyowetsa tili atatu pa njira: ine, mwana, ndi mayi uyu."

A Yotamu anakatseka n'kukakhalira.

"Nkhoswe ilankhule," inatero sikelo.

Achimwene anaimirira, kabuku katamatirira kumbuyo kwa thalauza lawo. Anakonza kukhosi.

"Wolemekezeka, mlongo wangayu Lachinayi lililonse amalawirira kumsika kukapikula tomato, mwana n'kumusiya kwa aneba. Chaka chatha mwanayu anapsa ndi phala pa mkono, chipsera chilipo. Ndipo tsiku lina, atakhala pa khonde langa, anandiuza ndi pakamwa pake kuti watopa, kuti nthawi zina amalakalaka atangochoka osabwereranso."

Zonsezo zinali zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka mpaka m'mafupa. Mawu omalizawo ndinawanena ndikulira, mutu wanga uli pa phewa lawo, sabata imene Piyasoni anachoka. Sindinauzepo munthu wina aliyense, ngakhale amayi a kumpingo. Ndinawapatsa iwo okha, ndipo iwo anawasunga bwinobwino mpaka tsiku lowagulitsa. Chimene chimandilawiritsa kumsika sanachinene, choti zaka ziwiri zathunthu Piyasoni sanatumizepo ngakhale sopo wa mwana. Sananenenso kuti tsiku la kupsa kuja ndinaimba foni ya bambo wake kasanu, osayankha, ndipo njinga imene inatithamangitsira kuchipatala inali ya achimwene omwewo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma munatuluka njere za tomato zokhazokha. Zinagwera pa simenti n'kumera pomwepo, amayi a pa mabenchi aja n'kuyamba kufunsana kuti mulu ndi bwanji. Ndinacheuka kufuna Mayi Mtambalika. Mtsinje wa mu ofesi yawo uja unali utafika ndipo unkadutsa pakati pa khonde. Iwo anali tsidya lina, atakweza fayilo yanga m'mwamba, akufuula, koma madzi ankasokosa kwambiri moti sindinamvepo kanthu.

"Bambo wa mwana payekha sangachotse mwana pa mudzi wa eni ake," inatero sikelo. "Zimenezi tonse tikuzidziwa. Koma mwini mbumba ali pompano. Mwini mbumba, mwana wa mlongo wanu apite kuti?"

Apa mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo malume wawo ndi amene amaima pa khomo kuti asatengedwe. Ndinaganiza kuti zina zonsezo achimwene anena, kaya ndi njala kaya ndi mantha, koma pa ichi chokha magazi awaluma. Zione ndi mwana amene iwo anamutcha dzina.

A Yotamu sanandiyang'ane. Anakweza dzanja lamanja, lamanzere litagwira pa chigongono mwaulemu wonse, n'kuloza kwa Piyasoni.

Muvi wa sikelo unagwera pa ziro.

Pomwepo Zione anayamba kupepuka kumsana kwanga. Ndinamanganso chitenje, ndinakoka mfundo mpaka kupuma kunavuta, koma ankapepukirabe. Ndinanyamuka kuti ndithawe naye. Khonde lonse linali ndi khomo limodzi lokha, laling'ono, ndipo ndikamaliyandikira linkasuntha. Nditalifika, ndinapeza achimwene ataima kale pamenepo.

"Pepani chemwali, ndimasuleko apa."

Anamasula mfundo ija ndi zala ziwiri, mofatsa. Zione anatsetsereka n'kuima pansi. A Yotamu anamutambasulira chala, iye n'kuchigwira osaopa chilichonse. Akanaopa bwanji? Ndine ndemwe ndinamuphunzitsa kuti munthu wachilendo akakuitana uzithawa, koma amalume akakuitana uzipita. Ndinamuphunzitsa bwino, mwanayo ndi womvera. Akanakhala Piyasoni wabwera kudzamukoka, Zione akanalira, akanandikakamira m'khosi, anthu akanaona. Piyasoniyo ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake sanadzuke n'komwe pa benchi.

Ali pa khomo, phazi limodzi kunja, Zione anacheuka.

"Amama, inu simukubwera?"

Ndinafuna kunena kuti usapite. Ndinafuna kutukwana achimwene ndi mawu amene sindinawanenepo chibadwire. Koma miyendo yanga inali italowa mu simenti mpaka m'maondo, ndipo pakamwa panga panangotuluka mawu amene ndimanena tsiku lililonse.

"Tsogola, ndikupeza."

Wina anandigwedeza phewa. Ndinatsegula maso. Ndinali pa benchi kunja kwa khoti lenileni, dzuwa lili paliwombo, bulauzi itanyowa ndi thukuta. Tinafika pamenepo m'mamawa, ine ndi Zione ndi achimwene, ndipo podikira kuti mlandu wathu uitanidwe tulo tinandiba. Amene ankandigwedeza anali a Yotamu. Ndinatsala pang'ono kuseka, ndinafuna kuwauza kuti achimwene, zimene mwandichita kutuloku Mulungu akukhululukireni. Ndinatambasula dzanja pambali panga pamene Zione anakhala, ndipo ndinakhudza thabwa.

"Mwana ali kuti?"

"Alamu amutenga, akuti akamugulire chakumwa ku golosale uko. Amakana, ndiye ndamuperekeza ndine mpaka pa galimoto. Musadandaule chemwali, abwera naye. Tiyeni, atiitana."

Ndinayang'ana pansi pa mtengo wa kesha pamene Piyasoni anaimika galimoto yake m'mawa. Panali mthunzi wokha. Mkati, kalaliki anaitana dzina langa kachiwiri.