Dasikoti ya Atate

Atate anga ndi ouma mutu, ndipo ndikunena izi ndikuwakonda. M'mwezi wa Juni, chaka chachiwiri chitsekereni fakitale ya nsalu imene ankagwirako ntchito, ndinatsala pang'ono kuwamangirira pampando ndi chingwe.

Mphepo ya kumtsinje inkalowa m'nyumba za ku Nangongwe ngati kwawo. Atate ankatsokomola mpaka misozi, ndipo nesi wa kukiliniki sanandibisire: "Mainess, chifuwa ichi chikapanda kufunda, chibayo chiwatenga." Tsiku lomwelo ndinawagulira jekete yaubweya pa salaula, msika wa kaunjika, yolemera, yofika m'mawondo. Anainyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa n'kuiponya pabwalo.

"Ivi ndiye vinatidyela nchito," anatero. "Sinivala."

Paja tsiku limene anachotsedwa ntchito, iwo ndi anzawo analumbira pageti kuti zovala zakale zochokera kunja sizidzakhudza matupi awo. Woyambitsa lumbirolo anali Ba Lastone, kapitawo wawo. Chilumbirireni, m'mawa uliwonse madalawo ankakakhala pageti lotsekedwalo atavala madasikoti awo, majasi opyapyala a kuntchito, kudikira kumva kuti makina aliranso. Ya atate inali itatha moti ukanatha kusefera ufa.

Lachinayi ndinawatsatira ndi tiyi wotentha m'botolo. Ndinawapeza akunjenjemera, milomo itachita mbuu, anzawo akusewera drafuti ya zitsekerero za mabotolo popanda n'mmodzi yemwe wogwedezeka. Ba Lastone atawerama kuti adye zitsekerero ziwiri, kolala inatseguka. M'kati munali juzi yofiira, yokhala ndi chithunzi cha nyama ya nyanga zanthambi imene kuno sinapondeko.

Mtima unandiyaka. "Ba Lastone, kansi lumbilo yanu ni yapamwamba chabe? Imwe mwafunda salaula mukati, atate banga bafe na mphepo?"

Ba Lastone anatseka kolala msanga. Mdala wina anayamba kukokera pansi manja a dasikoti yake kubisa juzi ya m'kati, wina naye chimodzimodzi. Onse ndithu! Anthu akuluakulu, a imvi zawo, kumuonerera mnzawo akutha ndi chifuwa iwo akutuluka thukuta.

Panjira atate anayenda patsogolo osandiyang'ana. Titafika pakhomo ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Naziba kudala kuti bonse bavala. Manje na ine nikavala, azasala ndani?"

"Muzasala imwe, mu bokosi," ndinawayankha. Ndinadzimvera chisoni mawuwo atatuluka kale, koma sindinawabweze.

Masana amenewo anavula dasikoti n'kugona padzuwa kuseri kwa nyumba. Ndinatenga sizasi, ndinadula jekete ija kolala ndi matumba, n'kuisokerera m'kati mwa dasikotiyo. Singano inandibaya kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndinkatukwana Ba Lastone chamumtima. Nditamaliza ndinaipachika pamsomali pake.

M'mawa mwake ndinanamizira kukoleza mbaula, diso lili kwa iwo. Anaitsitsa, dzanja linamva kulemera. Anaitembenuza. Munthu amene anagwira nsalu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sungamunamize pa ulusi: anayendetsa chala pamsoko wonse, kuyambira paphewa mpaka pansi.

"Msoko uyu ni wokhota," anatero. "Ku fakitale sembe tinakuchosa nchito."

Kenako anaivala, namanga mabatani onse mpaka la pakhosi.